Agness Sanafunse Munthu

Agness Mumba anafika kuno ku Rotherham mu 2022 kudzasambitsa nkhalamba za Angerezi. Sukulu analekezera Fomu 2. Ine ndinaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu, ndipo mapepala ake olembetsera kuchipatala ndinamulembera ndine. Zikomo wake ndikudikirabe.

Mwana wake Kondie ndi Fiona, mwana wa mlongo wanga wamng'ono, onse anali a zaka 16, onenepa kwambiri, ndipo madokotala anawapeza ndi mafuta m'chiwindi. Anayesa kusintha zakudya chaka chathunthu, osathandiza. Madokotala anati kwatsala opaleshoni yochepetsa chifu, koma banja ligwirizane kaye.

Kwathu, mwana ndi wa malume. Mlongo wanga anabwera ndi kalata ya kuchipatala kwa ine, mwinimbumba, ndipo ndinakana. Ndinati mtsikana woti sanabereke sadulidwa pamimba, ndipo kumudzi adzati tinalephera kumudyetsa.

Agness alongo ake ali ku Mchinji. Sanawaimbire n'komwe. Anavomera masana, n'kukwera basi kupita kushifiti.

Patha chaka ndi theka. Kondie amasewera netibolo, amadya pakasosa ngati mwana wa mphaka, ndipo pomuunika komaliza anati mafuta m'chiwindi atsala pang'ono kutheratu. Fiona chiwindi chake chayamba zipsera.

Lamlungu lapitali Agness anapereka umboni wa kuchira kwa Kondie kutchalitchi. Anthu anaimirira kumuombera m'manja, munthu woti chiwindi amachidziwira pa mbale basi. Potuluka anandipeza pakhomo.

"Aphunzitsi, mwaswera? Simunaombe m'manja, nyamakazi yavutanso?"

"Mudawafunsa eni ake a mwanayu, mayi?"

"Eni ake ati? Alongo anga akanaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo, chiwindi chikudikira. Inu munafunsidwatu. Zinathandiza?"

Poti panali anthu, ndinangolunjika ku basi.

M'basi ndinakhala ndi Fiona. Ndinamuuza kuti nkhani ija ndaiganiziranso, ndipo mwina ndingalole, bola ndikalankhule ndekha ndi dokotala wamkuluyo, akuchipatala aone kuti banja lino lili ndi wophunzira.

Anandiyankha m'Chingerezi, maso ali pa foni. Anati wakwanitsa zaka 18, kuchipatala anaimbako yekha, ndipo amuitana Lachinayi. Anati amalola woperekeza mmodzi.

"Chabwino," ndinatero. "Tikakwere basi yanji?"

Apa ndiye anatembenukira ku Chichewa, kuti ndimve bwino.

"Musavutike, malume. Andiperekeza Anti Agness. Iwo akudziwa zofunsa."