Mabokosi Awiri pa Tsamba la Nangozo

A Fredrick Likongwe ndinakumana nawo koyamba mu 2004, pa maliro a munthu amene tonse awiri sitinkamudziwa bwino. Kuno ku Toronto ndi mmene timachitira: akamwalira wa kwathu, kaya wa ku Malawi kaya wa ku Zambia, umakwera basi n'kupita. Ndinawapeza pakhomo la tchalitchi atagwira kapepala ka ndondomeko ya mwambo, atakwinya nkhope.

"Taonani, akulu," anatero asanandipatse n'komwe moni. "Dzina la malemu alipanikiza ndi chithunzi. Munthu wafa, koma akum'mana ndi malo omwe."

Kwawo kunali ku Chiradzulu. Asanabwere kuno anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Blantyre, kuyala zilembo ndi kuyeza mipata ya m'mbali mwa tsamba. Kuno ntchito yoteroyo sinapezeke. Analowa m'nyumba yosungiramo katundu ku Etobicoke, kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo anamata mapepala pa makatoni mpaka tsiku lopuma ntchito. Anzawo ankati katoni ya a Likongwe umaidziwira patali, chifukwa pepala lake silipendekeka.

Atapuma ntchito anayamba kupita ku laibulale kukaphunzira kompyuta. Kumeneko anapeza pulogalamu yokonzera masamba a pa intaneti, yosafuna kuti munthu alembe zilembo zovuta zija za akatswiri. Tsamba umaliona pa sikirini monga lidzaonekere. Umagwira bokosi ndi mausi, kulikokera kumene ukufuna, n'kulisiya. Cha kumanja kuli timabatani tosinthira mtundu, kukula kwa zilembo, ndi mpata wa pakati pa bokosi ndi linzake. Munthu uja anakhala ngati wabwerera ku Blantyre. Pasanathe chaka, masamba onse olengeza maliro a gulu lathu ankapanga ndi iwo.

"Ine ndi kalipentala," ankatero. "Mabokosi anga alibe misomali basi."

Akazi awo anali mayi Regina, a ku Ntcheu, amene tonse tinkawatchula kuti Nangozo. Anagwira ntchito yosamalira okalamba ku Scarborough zaka makumi awiri, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni. Anamwalira mu Januwale 2023. Ali m'chipatala anauza amuna awo kuti awaike konkuno, kuti ana awo aziona manda. Koma ku Ntcheu kunali mlongo wawo wamkulu, a Overtone Ngozo, mwini mbumba, amene anati thupi libwere kumudzi likagone pafupi ndi mayi awo. A Fredrick anamvera akazi awo. Kuyambira tsiku loika malirowo, a Overtone anasiya kuyankha foni ya mlamu wawo.

Chaka chotsatira tinamva kuti a kwa Ngozo akukonza mapemphero okumbukira Nangozo kumudzi, mu Ogasiti. A Fredrick sanaitanidwe. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kuti alamu awo awalole kufika, akakhale pamphasa pamodzi ndi abale a akazi awo. Poti foni sinkayankhidwa, anaganiza zolankhula m'njira imene ankaidziwa. Anati apanga tsamba la Nangozo n'kulitumiza ku Ntcheu.

Analipanga masabata atatu. Ine ndinkapita kunyumba kwawo masana aliwonse, kukhala pampando wa pambali, kumwa tiyi. Pamwamba anaika chithunzi cha Nangozo atavala duku lobiriwira. Pansi pake, dzina ndi zaka. Kenako anakoka mabokosi awiri n'kuwaika moyandikana: lina la mayina a abale a kuchimuna, lina la a kuchikazi.

Pa mabokosi awiriwo ndi pamene panapita masiku ambiri. Anawapatsa m'lifupi mofanana. Zilembo zofanana, mtundu umodzi. Mayina a kwa Ngozo anali makumi awiri ndi atatu, a kwa Likongwe khumi ndi asanu ndi anayi, ndiye ankawonjezera mpata pakati pa mizere ya kwa Likongwe pang'onopang'ono mpaka mabokosi onse anathera pa mzere umodzi.

"Mwakokakoka bokosi lomweli kuyambira Lachiwiri," ndinawauza tsiku lina. "Mulibowola."

"Inu a Solomon, maso anu ndi a m'basi, ongoona zodutsa. Simukuona kuti ili latsika?"

"Sindikuona."

"A Overtone aona. Munthu uja anali hedimasitala. Amayeza ndi moni yemwe."

Ndinawafunsa chifukwa chimene a kwa Likongwe anali kumanzere, poti munthu powerenga amayambira kumeneko. Analoza chithunzi. Pachithunzipo Nangozo anali atatembenukira pang'ono kumanja, maso ali pansi.

"Akuyang'ana kwawo," anatero. "Ndikaika ife kumanjako, aziyang'ana ife. Alamu anena kuti ndinawalanda ndi maso omwe."

Pamwamba penipeni pa pulogalamuyo panali tizithunzi titatu: kakompyuta, katabuleti ndi kafoni. Ndinkationa tsiku lililonse. A Fredrick sankatikhudza. Ankati tsamba ndi chinthu chotambalala, foni ndi yoimbira. Ine sindinafunse ntchito yake. Ndine munthu wongoyang'ana, ndipo nthawi imeneyo kuyang'ana kwanga sikunathandize aliyense.

Loweruka m'mawa anavala jekete ngati akupita kutchalitchi, anakhala pa kompyuta, n'kudina batani lotulutsira tsambalo.

"Ndapabulisha," anatero.

Anatumiza adiresi yake kwa a Overtone pa WhatsApp, ndi mawu ochepa: "Alamu, onani mlongo wanu pakati pa ife tonse."

Yankho linafika Lolemba masana, la mawu ojambula. Ndinalipo. Anaika foni patebulo n'kutsegula. A Overtone ankalankhula pang'onopang'ono, kumbuyo kukumveka nkhuku.

"Alamu, ndaona. Ndatsegula, ndaona mlongo wanga. Pansi pake ndaona a Likongwe. Ndatsitsa, a Likongwe. Ndatsitsanso, a Likongwe, mpaka adzukulu. Chala chatopa. Ife mwatiika kunsi kwenikweni, kuseri kwa ana oyamwa. Mayi amene anabereka munthuyo ali pansi pa mdzukulu wanu. Thupi munatenga, sitinakumenyeni. Lero mwatilembera kuti tidziwe malo athu. Tadziwa. Zikomo."

A Fredrick anayang'ana sikirini ya kompyuta. Mabokosi awiri aja anali pompo, moyandikana, ofanana.

"Akunena chiyani munthuyu? Kunsi kuti?"

Ndinatulutsa foni yanga n'kutsegula tsambalo, koyamba. Pa foni malo ndi opapatiza, mabokosi awiri sangaime moyandikana. Pulogalamu inatenga la kumanzere n'kuliika pamwamba, la kumanja pansi pake. Mipata ija anawonjezera inatalikitsa mndandanda wa kwa Likongwe, moti munthu ankatsitsa kanayi asanaone dzina la Ngozo ngakhale limodzi. Ku Ntcheu palibe amene akanalitsegula pa kompyuta. Onse analiona chomwechi.

Ndinawapatsa foniyo. Anatsitsa ndi chala, kubwerera pamwamba, kutsitsanso. Kenako anagwira mausi n'kudina kafoni kaja. Tsamba la pa sikirini linafinyika n'kukhala monga la m'manja mwanga.

"Kanali pompa," anatero. "Masabata atatu."

Kukonza kwake sikunatenge mphindi ziwiri. Anakoka bokosi la kwa Ngozo n'kuliika pamwamba. Anatumizanso, ndi kupepesa. Uthengawo unafika, koma sunatsegulidwe. Patatha masiku anayi anandipempha kuti ndiimbe ine, poti ndine wamkulu ndipo sindine wa banja lililonse mwa awiriwo.

A Overtone anayankha. Anandipatsa moni waulemu, kufunsa za chisanu, ine kufunsa za mvula. Ndinafotokoza za kompyuta ndi foni, za chithunzi choyang'ana kumanja, za masabata atatu aja. Anamvetsera osandidula.

"Bambo Solomon, ndamva," anatero. "Mwina ndi makina. Koma taganizani. Tsambalo linazungulira mudzi wonse Loweruka lomwelo. Azakhali analiona. Abusa analiona. Ndikawauze kuti ndi makina? Makinawo anadziwa bwanji kuti pamwamba pakhale a Likongwe?"

"Amangotenga la kumanzere."

"Ndiye kumanzereko anaikako ndani?"

Ndinabwerezanso za chithunzi chija. Ndinaganiza kuti afewa.

"Mlamu wanga ndi munthu wosamala, ndikudziwa. Anasamala zonse, anangoiwala kufunsa kuti ife kuno timaonera pa chiyani. Ndi mmenenso zinakhalira ndi maliro. Muwauze asavutike ndi ulendo wa mu Ogasiti. Tidzapemphera tokha."

Ndinakwera basi kupita kwa a Fredrick ku Etobicoke ndikuganiza mochepetsera mawuwo. Nditafika ndinangowanena monga ndinawamvera. A Fredrick anali ataimirira pawindo. Ndege inadutsa, tinadikira kuti phokoso lithe.

"Anati ndine wosamala?"

"Anatero."

"Chabwino."

Anakhala pa kompyuta n'kutsegula pulogalamu. Anadina bokosi la kwa Likongwe, mzere wabuluu unalizungulira. Munali dzina la mayi awo, la achimwene awo, lawo lomwe, ndi a ana awo awiri. Anachotsamo mayina a anawo n'kuwalemba m'bokosi la kwa Ngozo, pansi pa dzina la a Overtone.

"Ana ndi a kwa malume awo," anatero. "Ine ndinali mkamwini chabe."

"A Likongwe, zaka makumi anayi si za mkamwini chabe."

Anadina batani lofufutira, bokosi lonse linachoka. Pamene linali panatsala malo oyera. Anakoka bokosi la kwa Ngozo m'mbali kuti lidzaze tsamba lonse, anaona pa kakompyuta, anaona pa kafoni, n'kutulutsa. Sanatumizire aliyense uthenga.

Ogasiti anafika. Tsiku la mapempherowo ndinawaperekeza kumanda a Nangozo. Anazula udzu m'mbali mwa mwala, tinaimba nyimbo imodzi ndi mawu athu okalambawa, kenako tinakhala pa benchi. Anayang'ana wotchi n'kunena kuti ku Ntcheu pano akuwerenga mayina.

A Fredrick akali moyo, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi. Mwezi watha anapanga tsamba la maliro a mayi wina wa ku Chipata. Tsamba la Nangozo lidakalipo. Ngati a Overtone analitsegulanso, ife sitinamve. Munthu wosadziwa akaliwerenga angaganize kuti mayiyo sanakwatiwepo.