Thobwa mu mtsuko wa insulini

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kutchalitchi kuno ku Senga Bay kunali chithokozo cha Madalitso, mwana wa mlongo wanga Esinati, mnyamata uja anakomoka kuntchito ku loji chaka chatha ndi matenda a shuga. Esinati anathokoza Mulungu, abusa, amayi amene ankabweretsa chakudya kuchipatala, ngakhale wa kabaza.

Atakhala pansi ndinaimirira ine. Ndinathokoza anamwino ndi akatswiri a sayansi amene anatulukira insulini, mankhwala a shuga amene Madalitso amabaya. Sindiwadziwa, anamwalira kalekale, koma popanda iwo lero tikanakhala tikumanga chiliza. Anthu anaomba m'manja, Esinatinso anaomba.

Titafika kunyumba kwake, mtsuko uja umakhala mumchenga wonyowa, wosungiramo insulini kuti izizizira, ndinaupeza wodzaza thobwa la alendo. Kabotolo ka mankhwala kanali pazenera, padzuwa.

Nditafunsa, Esinati anati, "Achimwene, zidebe zinatha. Ndi lero lokha, simukumuona mwanayo wanenepa?"

Pepala limene anatipatsa kuchipatala ndikusunga ine, ndipo likunena poyera kuti mankhwalawa asakhale padzuwa. Madalitso ayenera kubaya jakisoni madzulo ano, ndiye ndamukweza minibasi akaonetse kabotoloko kuchipatala ku Salima. Sitikudziwa ngati kakadali kabwino.

Tsono mundiuze maganizo anu. Ndigule mtsuko wina uzikhala komweko, kapena mankhwala azikhala kwathu, mnyamatayo azidzabayira kuno? Kwathu si kutali, ndipo sikufika alendo.

Thobwalo akuti linali lozizira bwino. Ine sindinamwe.