Denga la Festy

Festy Mulkerrin anabadwira m'nyumba yomalizira kumudzi kwathu, pamene msewu umathera n'kusiyira miyala ndi mafunde. Moyo wake wonse unali wotchera nkhanu za m'nyanja ndi kututa ndere zothira m'munda wa mbatatesi. Sanakwatire. Ankati bwato limodzi likumukwanira kumuvutitsa. Kufolera udzu kutamutopetsa anakhoma malata n'kuwapaka utoto wofiira, wolasa m'maso, ndipo ankawanyadira ngati mwana wobala yekha.

Alendo a m'chilimwe malatawo sankawafuna. Iwo amadzera mabwinja. Munthu wochokera ku Amereka akaona nyumba yopanda denga amati ndi ya makolo ake amene anathawa njala yaikulu imene inagwa kuno zaka zoposa zana zapitazo, amalira mpaka kukhuta, kenako n'kubwera padoko kudzandifunsa tiyi wopanda shuga. Ndawagulitsa tiyi zaka zambiri, ndipo sindinawazolowere.

Amene amawanyamula ndi Cathal, mwana wa mlongo wake wa Festy, mnyamata wa kabasi koyera ndi pakamwa pa uchi.

"Amalume, malata anuwa akundiwonongera zithunzi," ankatero.

"Uwauze ajambule nyanja, ilibe malata," ankayankha Festy.

Chaka chatha Festy anaterereka pamwala n'kuthyoka chiuno. Anagona kuchipatala cha m'tauni dzinja lonse, ndipo aliyense wokamuona ankamva nyimbo imodzi, yoti akufuna kukafera m'nyumba mwake. Makiyi anasiyira Cathal. Malata anatsika masana dzuwa likuswa mtengo, chitseko n'kutsatira. Mudzi wonse unangoyang'ana kumbali, poti kabasi kaja kamaima pakhomo pa aliyense wogulitsa kanthu.

Festy atatuluka m'chipatala, Cathal anamugoneka m'kachipinda kuseri kwa garaja, akuti kaye mpaka chiuno chilimbe. Festy si mwana. Mmawa wina anadzikweza yekha m'kabasi, ndodo ziwiri m'manja, n'kukhala pakati pa alendo. Cathal analephera kumutsitsa anthu akuona.

Atafika kumapeto kwa msewu, Cathal anayamba mwa masiku onse, mawu atawatsitsa ngati ali pamaliro. "Muno munafera banja lonse ndi njala. Womaliza anamupeza m'kamwa muli udzu."

Festy anatsika. Anali atatha, jekete ikungolendewera. Analowa pamene panali chitseko, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anakhala pamwala wa pamoto.

"Nyumba yanga iyi," anatero. "Ndinabadwira pakona apo. Denga langa lili kuti?"

Alendo anaomba m'manja. Mayi wina wachipewa chachikasu, misozi ili chuchuchu, anagwira Cathal pamkono. "Mwamupeza kuti ameneyu? Akuchita ngati zenizeni." Wina anapempha kuti abwereze, poti kamera yake inali isanayake.

Cathal ndi wa maso patsogolo. Anagwada pafupi ndi amalume ake n'kuwanong'oneza. "Mumati mukufuna kwanu, si kuno? Ndizikubweretsani ulendo uliwonse. Muzingonena zomwezo."

"Nanga denga?"

"Anthu a njala analibe denga, amalume."

Ndi mmene zakhalira chilimwe chonse. Festy amakhala pamwala uja, mvula ikagwa imamugwera, ndipo funso lake amalifunsa ndi mtima wonse chifukwa sanayankhidwebe. Alendo amati ndiye chinthu chokoma kuposa zonse pagombe lino. Ena kumudzi ayamba kumutchula kuti Njala, iye akumva. Zimandiwawa, ndipo Cathal akadutsa sindimupatsa moni.

Dzulo kabasi kataima padoko ndinamutengera Festy buledi wotentha, batala ndamupaka mosaumira. Anamuyang'ana, anameza malovu, kenako anamukankhira kwa ine.

"Chotsa, Nuala," anatero. "Ndikanenepa sandipititsanso kwathu."