Mawaya Pamutu pa Amuna Anga

Ndikamafotokoza nkhaniyi ena amati ndikukokomeza, koma ndinaona ndi maso angawa, dzuwa likuswa mtengo, m'nyumba mwanga momwe ku Bangwe.

Amuna anga nthawi imeneyo ankagwira ntchito ya ulonda ku Limbe, ndiye tulo tawo tinali ta masana. Tsiku lina anandiuza kuti kuntchito kunafika mtsikana wa kusukulu ya madokotala amene ankafufuza za kagonedwe ka alonda, ndipo iwo anavomera kuti adzawayeze kunyumba. Ine ndinaseka. Tulo natonso n'toti munthu n'kupitira kusukulu?

Mtsikanayo anabweradi, kamunthu kowonda kaulemu, chikwama kumsana. Poti ine pakamwa sindimangika, ndinamufunsa kuti amamulipira ndani kuti aziyang'anira amuna a eni akugona. Anaseka n'kundiuza kuti kuli bungwe limene limathandiza ofufuza ongoyamba kumene ngati iye, ndipo chachikulu pa thandizolo si makina, koma kuti amamupezera dokotala wamkulu woti azimuwongolera. Tsikulo adokotalawo anatanganidwa kuchipatala, anangomuuza kuti chikavuta aimbe foni.

Mtsikanayo anawamata amuna anga timawaya pamutu, kalamba pachifuwa, kachubu pamphuno, iwo n'kugona chagada monga mwa masiku onse. Posakhalitsa mkonono unayamba, ndipo mkonono wa bambo amenewo unkamveka mpaka pampopi. Ine ndi mtsikanayo tinakhala pabalaza, iye n'kundionetsa pa laputopu kamzere kokwera ndi kutsika, kuti kameneko ndi mpweya wawo. Zinandisangalatsa moti zovala ndinazisiya m'beseni.

Kenako mkonono unasiya, m'nyumba muli zii, kamzere kaja n'kuwongoka ngati chingwe choyanikapo zovala. Ndinamufunsa kuti zikutanthauza chiyani. Anati mwina waya wazuka. Mkonono unayambiranso, kamzere n'kuyamba kuvina, koma posapita nthawi kanawongokanso. Apa ndinaona kuti mwana wa eni wayamba thukuta. Anati ayenera kuti walumikiza molakwika, bola afufute zonse adzayambirenso mawa, chifukwa zoterezi akakazionetsa kusukulu akamuseka. Chala chinali kale pa batani. Sindidziwa chimene chinamugwira, koma anatenga foni n'kuimbira adokotala aja.

Mawu awo ndinkawamva bwinobwino. Sanamukalipire. Anangomufunsa ngati wakamuyang'ana munthuyo, kapena akungoyang'ana makina.

Tinalowa kuchipinda. Abale anga, zimene ndinaona sindidzaiwala. Amuna anga anali kukamwa yasa, chifuwa chikudzikoka ngati munthu amene wina wamukanyanga pakhosi, koma mpweya osalowa, milomo itayamba kuda. Kodi umasiye umabwera chonchi, masana, mwamuna ali pabedi pake? Adokotala pafoni anati tiwatembenuze agone chammbali. Titangowakankha anakoka mpweya mwamphamvu ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kupitiriza tulo tawo osadziwa kanthu.

Madzulo adokotalawo anabwera okha, bambo aimvi oyankhula pang'onopang'ono. Anakhala ndi mtsikana uja n'kumuonetsa malo onse amene kamzere kanawongoka, ndipo anali ambiri moti ine ndinasiya kuyang'ana. Anati pali anthu amene njira ya mpweya imatsekeka akagona, ndipo mtima umatopa nazo mwakachetechete. Amuna anga anatsutsa, amvekere iwo amagona bwino kuposa aliyense m'Bangwe muno. Komabe kuchipatala anapita, ndipo ine ndinawasokera chitsononkho kumsana kwa malaya ogonera kuti asamagonenso chagada. Amadandaula mpaka lero, koma ali moyo.

Mtsikanayo potsanzika anandiuza kuti anzake amene thandizo lija linawaphonya amagwira okha ntchito ngati yomweyi, alibe woti n'kumuimbira. Zimenezi zimandiopsa kuposa zonse, chifukwa ndimakhulupirira kuti akanakhala wopanda womuwongolera akanafufuta, ife n'kutsala osadziwa kanthu. Ndiye inu amene mumathandiza ana ophunzirawa, musamangowapatsa makina n'kuwasiya okha. Ndipo inu amayi anzanga amene amuna anu amachita mkonono, tsiku limene mkononowo wadukiza mwadzidzidzi musamati Mulungu wakumverani chisoni kuti mupumeko. Dzukani mukayang'ane pachifuwa.