Phewa la Sesiliya

Ndinaganiza zopita ku Lesotho patatha miyezi isanu ndi itatu chimuikire m'manda mkazi wanga Agata. Anthu ndinkawauza kuti ndikutsata malipiro, ndipo silinali bodza, pakuti udokotala kuno unkangondidyetsa. Koma ndinkathawanso wodi ya amayi, momwe Agata anatsirizikira ndi chifuwa chachikulu ine ndikuyang'ana. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Sesiliya, anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndiye anatsala kumudzi kwa amayi ake kufupi ndi Kabudula, m'manja mwa alamu anga a Nambewe, akulu ake a Agata.

Chipatala chomwe ndinakagwira chinali m'mapiri ozizira. Madokotala tinali awiri okha, ndipo odwala ndinkalankhula nawo kudzera mwa namwino, chifukwa chinenero chawo sindinkachidziwa. Panali masabata ena omwe Chichewa ndinkachilankhula kwa Mulungu yekha. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama kumudzi, alamu nawo ankanditumizira pafoni chithunzi cha Sesiliya ataima pafupi ndi chigafa cha fodya. Lamulungu ndikachoka ku Misa, ndinkakhala pawindo ndi kope ndi pensulo, n'kumajambula chithunzicho. Luso limeneli ndinaliyamba pa sukulu ya udokotala, pojambula mafupa kuti ndiwaloweze. Maola awiri amenewo ndi okhawo omwe m'makutu mwanga simunkamveka kutsokomola.

M'mwezi wa Meyi, pa chojambula changa phewa lakumanja la Sesiliya linatuluka lokwera kuposa linzake. Ndinati dzanja langa latopa. Ndinafufuta n'kuliwongola. Mu Juni zinachitikanso, ndipo ndinati wojambulayo anapendeketsa foni. Ndinawongolanso. Mu Julaye ndinasiya pensulo kuti itsate zomwe maso akuona. Nditamaliza, ndinachiyang'anitsitsa chojambulacho. Khosi linali litalowa m'mapewa, ndipo manja onse awiri anali atatsamira pantchafu, ngati nkhalamba yopumira panjira. Kaimidwe kameneko ndinkakadziwa. Ndi ka mwana yemwe chifuwa chachikulu chamulowa m'mafupa a msana. Agata ankatsokomolera m'chipinda chomwe Sesiliya ankagona. Matendawa akachedwa kupezeka, fupa limaphwanyika n'kupanikiza mitsempha, miyendo n'kufa.

Ndinaimba foni tsiku lomwelo. Alamu anati mwana ali bwino, wapita kukasewera. Ndinapempha kuti andijambulire msana wake atavula malaya. Anati foni yayamba kuvuta. Mawa lake sanayankhe n'komwe.

Sindikanangonyamuka, chifukwa ndikanasiya mnzanga yekha ndi chipatala chonse. Ndinadikira masabata atatu kuti apeze wogwirizira. Ndimakumbukira pang'ono chabe za masiku amenewo. Ndikamayeza miyendo ya mwana wa eni, ndinkangobwerezabwereza mpaka namwino anandifunsa ngati ndikudwala. Kope ndinalitsekera m'sutikesi. Korona ndinkapemphera, koma pempho linali limodzi lokha, loti mwana wanga ndikamupeze akuyenda.

Ulendo wa pabasi unatenga masiku atatu. Pa Nsaru ndinakwera njinga yamoto, fumbi la Ogasiti lili mbuu. Tikuyandikira mudzi, ndinamuuza woyendetsayo kuti aime patali, pakuti ndinkafuna kuona ngati Sesiliya atuluke yekha kapena amunyamule. Ana ena anathamanga kudzalandira katundu. Iye anatulukira pambuyo pawo, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili pantchafu. Koma ankayenda. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu.

M'nyumba, titapatsana moni, alamu anamasula kansalu n'kutulutsa kabuku ka kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala. Mwana anali atayamba kale kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi iwiri yapitayo. Iwo anazindikira nthawi yokumba mtedza, ataona kuti Sesiliya akafuna kutola kanthu pansi sawerama, amachita kunjuta msana uli chilili. Anamukweza panjinga kupita kuchipatala, kumeneko anawatumiza ku Lilongwe, ndipo anagona pansi m'wodi masiku khumi. Kuti ulendo utheke anagulitsa mbuzi zawo ziwiri, osandipempha kanthu.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze.

“Mukanatani muli kumapiriko, alamu?” anatero. “Wakutali timamuuza maliro, matenda timasenza tokha. Komanso inu munali musanapole.”

Ndinakwiya, koma zoyankha ndinazisunga kaye. Ndinamuyeza mwana. Pakati pa msana panali kalinunda kolimba, kosabwereranso. Miyendo inali ndi mphamvu, ndipo zala zonse ankazimva ndikazigwira.

Madzulo ake Sesiliya anapeza kope m'sutikesi. Anatsegula tsamba ndi tsamba, alamu akusuzumira paphewa pake. Atafika pa chithunzi cha Meyi anaima, chala chili pamalo pomwe pepala linapyapyala ndi kufufuta.

“Ababa, apa munandiwongola, eti?”

Ndinavomera. Anatsegula cha Juni n'kuseka, akuti apanso. Alamu anangotuluka kukatsekera nkhuku. Mawu onse omwe ndinawakonzera m'basi muja anathera pomwepo. Iwo, omwe sukulu analekeza sitandade 4, anaona n'kunyamula mwana. Ine dokotala ndinaona kawiri, kawiri konse n'kufufuta.

Ku Lesotho ndinabwerera kukangomaliza mgwirizano wa chaka, ndipo tsopano ndimagwira ntchito chakuno ku Namitete. Sesiliya anamaliza mankhwala patatha chaka chathunthu. Amapita kusukulu wapansi. Ndi wamfupi pa anzake, ndipo telala amatalikitsa diresi lake kumbuyo kuti mpendero ukhale wofanana.

Ndinkayesa kuti kumudzi anthu amachedwa kuona matenda. Amaona msanga ndithu, koma amasankha woti amuuze, ndipo amene wachoka amakhala womaliza. Masiku ano ndikamadutsa pakhonde la wodi ya ana, ndimamva odwazika akulankhula pafoni ndi bambo ali ku Joni, akumutsimikizira kuti kuno kulibe vuto. Sindiwaweruza. Ndimadikira amalize, kenako ndimawapempha mwaulemu kuti amuimbirenso ine ndili pomwepo.