Timapepala ta Azakhali M'matumba a Anthu

Azakhali anga ndi atelala, ndipo ali ndi kamatenda kawo: chovala chilichonse chimene asoka amachiikira kapepala kothokoza m'thumba. Ine ndimakhala pashopu pawo chisiyireni sukulu, kudikira kuti dziko lizindikire kuti ndine mlembi. Dzikolo silikufulumira.

Poyamba ankangolemba kuti "Zikomo, mubwerenso," mpaka kasitomala wina anakulungiramo chingamu chotafunatafuna iwo akuona. Pomwepo anadziikira lamulo lakuti zikomo wopanda chifukwa salembedwa. Tsono tapezani chothokozera munthu wobwera ndi kansalu kokwana mwana koma akufuna diresi lofika m'mapazi! Azakhali amaluma cholembera, kufufuta, kung'amba, mpaka mawu atakhala bwino: "Zikomo pondikhulupirira kuti ndimachita zozizwitsa." Munthu amene kale ankatuluka thukuta polemba muyeso wa m'chiuno anayamba kulemba ziganizo zoluma ngati singano.

Kenako alandilodi, eni nyumbayo, anatiuza kuti tichoke. Ati mphwawo akufuna kutsegulamo malo ometera.

"Azakhali, tiyeni tikawagwadire," ndinatero.

"Mawondo angawa ndi opalasira makina, mwana iwe. Patse cholembera."

Anawalembera chonchi: "Bambo, zikomo chifukwa cha denga lanu, latiphunzitsa kusoka titafunda ambulera. Zikomo chifukwa cha chitseko chotsegula ndi phewa, ndalimba. Makoswe anu sitinyamula, tawasiyira wometayo. Amakonda ulusi, koma tsitsi azolowera."

Mawa lake alandilodi anatulukira kapepalako kali m'manja, nkukankha chitseko chija ndi phewa.

"Mayi, mukunditukwana?"

"Werenganinso, bambo. Paliponse pamene pali bodza ndikusokerani suti yaulere."

Anawerenganso. Anayang'ana kudenga, nkuyang'ana beseni lolandira madzi pakati pa chipinda.

"Akazi anga awerengera mphwanga uja kapepala kanuka," anatero mokwiya. "Akuti makina ake ometera sangagwire ntchito m'dziwe. Wakana."

"Ndiye tikhale?"

"Khalani. Koma denga sindikonza. Ndingakuonongereni luso lolembali."

Alandilodiwo ali pakhomo ndinawauza kuti nanenso ndimalemba, nkhani zazitali zenizeni zokhala ndi mitu.

"Chabwino, mwanawe," anatero osacheuka. "Ukathira madzi a m'beseniwo usathire pakhonde panga."