Mayi Mphuno ndi silinda ya gasi

Akuti mayi Mphuno anazula silinda ya gasi ikulilima moto, n'kuisenza pamutu popanda nkhata, n'kuthamanga nayo mpaka kuseri kwa fakitale. Ena akuti masilinda anali awiri, ina pamutu ina m'khwapa. Mlonda wa pageti, yemwe tsikulo anali pa tchuthi, amalumbira kuti anaona ndi maso ake tsitsi la mayiwo likufuka utsi. Nkhani ikamayenda imanenepa, ndipo iyi pofika Lachisanu inali itatuluka kale mimba.

Zoona zake n'zowonda ndithu.

Mayiwa akhala akuphikira antchito pafakitale ya mabulangete kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Amuna awo anatsogola kalekale. Pakhomo pali adzukulu awiri ndi achimwene awo amene mkono ndi mwendo zinafa, ndipo pakamwa ponsepo pamadalira epuloni imodzi yomweyo. Dzina la Mphuno analipeza chifukwa chonunkhiza chilichonse: nyama, mafuta, mapoto, ngakhale antchito obwera ndi mbale. "Achimwene, mwagona kwanu inu?" Munthu amangoyang'ana kudenga.

M'mawa uliwonse asanakhudze machesi, amasungunula sopo m'kambale, n'kupaka thovu papaipi yonse yochoka pasilinda kupita pachitofu. Thovu likatupa n'kuyamba kuphulika, ndiye kuti gasi akutuluka, ndipo tsikulo sayatsa, olo mugwade.

Khalidwe limeneli ndi limene linawadanitsa ndi akapitawo. Kawiri konse chaka chino thovu linatupa, mayi anakana kuyatsa, anthu mazana awiri anabwerera kumakina ndi buledi wouma m'mimba. Kawiri konsenso akapitawo anakulunga paipiyo ndi tepi, n'kulemba kalata ya chenjezo yakuti mayiwa ndi a mwano. Pafakitale pamenepo kalata yachitatu imabwera ndi mlonda wokuperekezani kugeti.

Tsiku la nkhani ya silinda ija, Lachiwiri, thovu linatupanso. Mayi analiyang'ana nthawi yaitali, akuganiza za makalata awiri aja ndi za anthu atatu a kunyumba. Kenako anabweza machesi m'thumba la epuloni, n'kukhala pabenchi kuyamba kusankha mpunga.

Akapitawo anafika cha m'ma leveni, mimba patsogolo, kalata yachitatu atailemba kale.

"Amayi, mapotowa akuphika ndi pemphero?"

"Paipi yanu ija ikupumanso."

"Inu mphuno yanuyo idzakupitikitsani ntchito. Patseni machesi."

"Anga ayi. Kapempheni kwa osuta."

Anakapemphadi. Anatsegula gasi okha, n'kukhwatcha. Moto unayaka pachitofu bwinobwino, kenako unalumphira patepi paja n'kuima ngati mchira wa tambala. Za liwiro zimene anthu akunena n'zoona, koma mwini liwirolo anali akapitawo, amene anasiya nsapato imodzi pakhomo la khitchini. Mayi Mphuno anaika pansi lichero kuti mpunga usatayike, anaviika chiguduli m'ndowa, anachiponya papaipi, n'kupotokola kotsekera ka pasilinda. Moto unazima. Chimene chinapsa ndi tepi ndi nsidze za akapitawo.

Tsono pafakitale imeneyo ngwazi sizisowa. Pakhoma la kantini pali mzera wa zithunzi, pamwamba palembedwa kuti Ngwazi ya Mwezi. Pali dalaivala amene anatha mwezi osachedwa. Pali kalaliki amene anapeza makiyi a stolo, omwe anawataya yekha. Akapitawo alipo kawiri. Mawuwo atha ngati sopo wa kubafa la anthu ambiri, moti munthu ukamutcha ngwazi amayamba wafunsa kuti walakwa chiyani.

Lachisanu abwana aakulu anabwera ndi alendo awiri ovala mataye ndi wojambula. Antchito anasonkhanitsidwa m'kantini. Mayi anaitanidwa manja ali onyowa, nyemba zili pamoto, papaipi yatsopano imene inagulidwa Lachitatu mwakachetechete. Kalata yachitatu ija inali italembedwa kale Lachiwiri m'mawa, ndipo mayi ankadziwa kuti ili m'fayilo, ikungodikira siginecha.

Abwana analankhula za mtima wa mkango. Analankhula za mayi wosaopa imfa. Akapitawo ankawomba m'manja kuposa onse, nkhope ili see ngati dzira.

"Amayi, imani apa tikujambuleni."

"Abwana, chithunzicho mukachiika m'fayilo momwe muli makalata anga, kapena pena?"

"Makalata ati?"

"Atatu. Onena kuti ndine wa mwano chifukwa chokana kuyatsa paipi yobooka. Ndimati ndidziwe ngati Lolemba ndibwere kudzaphika, kapena ndizingobwera kudzaona chithunzi."

Mlendo mmodzi anatsokomola. Abwana anayang'ana akapitawo, akapitawo anayang'ana nsapato zawo. Kalaliki anatumidwa kuofesi, anabwera ndi fayilo, ndipo makalata atatu anang'ambidwa pamaso pa anthu mazana awiri. Mayi anatola zidutswazo n'kuziwerenga, kuopa kuti ina yatsala.

Abwana, pofuna kuti mwambo uthe bwino, anakweza mawu. "Tsopano ngwazi yathu itiuze yokha mmene inasenzera silinda ya moto ija!"

Mayi Mphuno anapukuta manja paepuloni.

"Silinda imeneyo timainyamula anthu atatu, ndipo siinasunthe pamene ilipo. Ine ndinangotseka gasi, ntchito yoti ngakhale akapitawo akanaitha akanakhala kuti anaima. Mantha anga anali pamasiku amene ndinkakana kuyatsa aja, ndipo palibe anawomba m'manja. Tandipatukirani, nyemba zikupserera."